Gogodera ya agogo: mmene tinadziwira komwe inachokera ndi amene anaikonza

Agogo aamuna atatisiya, chilimwe chotsatira tinagwirizana zofolera nyumba yawo mwatsopano chifukwa udzu unali utawolerana, ndiye anyamata ali mkati mosasula denga mmodzi anangofuula kuti kuno kuli mfuti. Inali pamtanda, yokulungidwa m'chiguduli, yomangidwa ndi luzi. Tonse tinkadziwa kuti agogo anali ndi gogodera, mfuti yakale yothirira onga kukamwa, ena tinaionapo tili ana nthawi imene nguluwe zinkavuta kudimba, koma panali patadutsa zaka zambiri osaitulutsa moti tinkangoti mwina anaipereka kalekale. M'chiguduli momwemo munali kabuku kakale ka layisensi m'dzina lawo, mapepala atachita chikasu.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti m'midzi yambiri, makamaka kwathu kuno mbali za Kasungu, Ntchisi mpaka Nkhotakota, mfuti zotere zikadali m'madenga, ndipo tsiku lina mudzaipeza ngati mmene tinaipezera ifeyo, mudzafuna kudziwa kuti kodi chinthuchi chinachokera kuti, anapanga ndani. Ine ndinayamba molakwika ndipo sindikufuna wina abwereze.

Kulakwa kwanga koyamba, ndinaitenga ndikuyamba kuizunguza m'manja, kuiloza uku ndi uku, mpaka kusuzumira kukamwa kwake. Kwachiwiri, nditaona kuti pachitsulo chapambali pakuoneka ngati pali zilembo, ndinatenga sandipepa kuti ndichotse dzimbiri ziwerengeke. Ndinangopala pang'ono amalume n'kundiletsa, koma pang'ono pomwepo panapita nambala imodzi yomwe inali itatsala pang'ono kufufutika kale, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Dzimbiri lakuda lija lomwe lakhala zaka ndi zaka pachitsulo silipalidwa. Zilembo zambiri zakale zimakhala zosaya kwambiri, ukapala dzimbiri wapalanso zilembo.

Amalume anati tisachite kalikonse, tiitane kaye agogo ena a mudzi wa tsidya omwe bambo awo anali wosula, iwonso anasakapo ndi gogodera pa unyamata wawo. Ndi okalamba kwambiri, tinachita kukawatenga panjinga. Atafika sanafunse n'komwe za zilembo. Anasolola kachitsulo kotsindira onga kamene kamakhala kunsi kwa mpope, analozetsa mfuti kutchire, analowetsa kachitsuloko mumpope mpaka kanagunda, anagwira ndi chala pomwe kalekeza, kenaka anakatulutsa ndikukagoneka kunja kwa mpope. Sikanafike kumapeto, panatsala danga ngati zala zinayi. Anangoti, "Mdzukulu wanga, iyi ndi yodya kale. Muli onga umu." Thupi langa lonse linachita tsemwe poganiza kuti dzulo lake ndinaika diso pakamwa pake.

Chonde gwirani mfundo imeneyi kuposa zonse zomwe ndilembe pansipa. Alenje akale ankasunga gogodera ili yothira kale chifukwa kuthira kumatenga nthawi, nyama siidikira. Onga wakuda uja ukakhala pouma suguga, patha zaka makumi angati umayakabe. Ndiye mfuti iliyonse yothirira kukamwa muziiyesa yodzaza mpaka munthu wodziwa atatsimikiza. Agogo aja anathiramo madzi, anaiimika kuseri kwa nkhokwe kutali ndi ana usiku wonse, mawa lake ndi pomwe anakoka zamkatimo ndi kachitsulo kopotoka kunsonga. Munatuluka sanza, tizidutswa titatu ta chitsulo todula, ndi phala lakuda. Izi musayese nokha. Ngati palibe wodziwa, isiyeni pomwepo mukauze apolisi.

Itakhala yopanda kanthu ndi pomwe tinayamba kuiwerenga, ndipo apa ndi pomwe ndinaphunzira chinthu chomwe sindinkachiganizira. Ine ndinkafuna yankho limodzi, kuti mfuti iyi ndi ya dziko lakuti, chaka chakuti, basi. Koma gogodera yakale nthawi zambiri si chinthu chimodzi. Pali mpope, pali loko (chitsulo chapambali chija chokhala ndi kanyundo ndi sipulingi), pali mtengo, pali tizitsulo tomangira, ndipo chilichonse chikhoza kukhala ndi kwawo ndi zaka zake. Uyenera kufunsa chimodzichimodzi.

Tinayamba ndi loko. Njira yowerengera zilembo popanda kuwononga ndi yophweka, mumapukuta ndi kansalu kofewa kodontheza mafuta a makina osokera, kenaka mumapaka choko ndikupukutanso pamwamba mopepuka, choko chimatsalira m'maenje a zilembo. Mukatero muunikire ndi tochi ya foni chammbali, osati molunjika, ndikujambula. Masana dzuwa lili pamutu simuona kanthu, madzulo kapena m'nyumba ndiye zimatuluka bwino. Pa loko yathu panatuluka mawu oti TOWER, pamwamba pake manambala 186 ndi malo a nambala yachinayi yomwe ndinaipala ija, ndipo kumbuyo kwa kanyundo panali chisoti chachifumu.

Nditaona TOWER ndi chisoti ndinathamangira kunena kuti ndiye kuti ndi ya asilikali a Mfumukazi, ndipo zinagwirizana ndi nkhani yomwe tinakula nayo pabanja pathu, yoti mfutiyi anabwera nayo ndi amalume awo a agogo pochokera ku nkhondo ya Chiwaya komwe anali a tengatenga. Koma nditakhala pansi masiku angapo ndikuwerenga pa intaneti ndikufananiza zithunzi, nkhani ija inayamba kugwedera. Pa nkhondo ya Chiwayayo, yomwe inayamba mu 1914, asilikali, a Angerezi ndi a Jeremani omwe, ankagwiritsa mfuti zothirira kumbuyo za makatiriji, gogodera inali itasiyidwa kalekale ku usilikali. Komanso loko za boma la Britain za nthawi ya Mfumukazi Victoria zimakhala ndi zilembo V.R pansi pa chisoti, ndipo katundu wa boma ankadindidwa kachizindikiro kooneka ngati mutu wa muvi. Yathu inalibe V.R, inalibe muvi, chisoti chokha. Loko zotero zinkapangidwa zambirimbiri ndi amalonda, makamaka ku Birmingham ku England, ndipo mawu oti TOWER ankawadinda chifukwa ogula ankawakhulupirira. Olo amisiri a ku Liège ku Belgium ankadindanso TOWER pa mfuti zawo zamalonda. Choncho mukaona TOWER musathamange ngati ine, mawu amenewo paokha sanena kuti inagwiridwa ndi msilikali.

Chomwe chimanena zoona kwambiri ndi mpope, chifukwa ku Ulaya mpope unkayesedwa kaye ndi onga wambiri asanaugulitse, ukapirira ankaudinda. Zidindo zimenezi zimakhala kumbuyo kwenikweni kwa mpope chakumanzere, pafupi ndi kachubu kovekapo fataki yoyatsira onga, ndipo nthawi zina kunsi kobisika ndi mtengo. Pa wathu tinapeza tizidindo tiwiri ta ndodo zachifumu zopingasana ndi kachisoti pamwamba, ndi nambala 25 yodindidwa kawiri. Ndodo zopingasanazo ndi za nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham, yomwe inakhazikitsidwa mu 1813, ndipo chidindo cha mtundu umenewo anachigwiritsa mpaka 1904. Chimodzi chimakhala ndi zilembo B, P ndi C, chinacho V. Mukapeza chisoti pamwamba pa GP ndiye kuti unayesedwa ku London. Mukapeza zilembo ELG m'kati mwa kadzira ndi kanyenyezi, umenewo ndi wa ku Liège, ndipo ELG wokhala ndi chisoti pamwamba anayamba mu 1893. Mukapanda kupeza chidindo chilichonse olo mutayang'ana kunsi, yambani kuganiza zoti mpopewo ndi wa konkuno.

Nambala 25 ija si chaka ayi, ndi kukula kwa bowo. Imatanthauza kuti zipolopolo zozungulira za mtovu zokwana bwino m'bowomo zikhale 25 kuti zilemere paundi imodzi, ndipo kukula kumeneko ndi kwa mfuti yotchedwa Enfield ya mtundu wa 1853, bowo lake .577 ya inchi, pafupifupi mamilimita 14.7. Apa zinthu zinayamba kugwirana. Enfield imeneyi inali ndi mpope wa mainchesi 39, chakuma sentimita 99, womangidwa kumtengo ndi malamba atatu achitsulo, mkati muli mizere itatu yopota yozunguzira chipolopolo. Kuyambira 1866 asilikali a Britain atayamba kusinthira ku mfuti zothirira kumbuyo za Snider, ndi maiko enanso chimodzimodzi, mfuti zothirira kukamwa zinasanduka katundu wotsika mtengo ndipo zambiri zinatsikira ku Africa.

Tinayeza mpope wathu ndi tepi, unakwana masentimita 91 okha. Kukamwa kwake sikunali kowongoka bwinobwino, kunkaoneka mikwasa ya tupa, kusonyeza kuti unadulidwa, mwina unang'aluka kunsonga. Pamwamba chakumbuyo panali chipsera cha makona anayi pomwe panali choyang'anira chamakwerero cha Enfield, chinachotsedwa, m'malo mwake wina anaikapo kachitsulo kakang'ono kocheka pakati. Nditaunika mkati ndi tochi mizere itatu ija inkaoneka ngati mthunzi chabe, ndipo agogo aja anandifotokozera chifukwa chake mosavuta, mfutiyi inapangidwira chipolopolo chofewa cha mtovu, koma kuno mtovu unkasowa ndiye anthu ankathiramo zidutswa za chitsulo ngati tinatulutsa zija, chitsulo chikamadutsa pachitsulo chinzake zaka makumi mizere imatha.

Za njira yomwe inadzera, mbiri ya dera lathu imathandiza. Mfuti zinkalowa ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, Jumbe ali ku Nkhotakota ndi madau ake owoloka nyanja kulowera ku Kilwa ku gombe la Tanzania, Ayao kummwera kwa nyanja, Achikunda kuchokera ku Zambezi, ndipo Mwase wa ku Kasungu anali ndi mfuti zambiri chifukwa cha malonda omwewo mpaka Angerezi anamugonjetsa kumapeto kwa 1895. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kulowetsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa ndikungolola zoyatsa onga ndi mwala zopanda mizere ndi onga wamba, ndiye mpope wa mizere ngati wathu umagwirizana kwambiri ndi malonda a zaka za pangano lisanabwere. Sichinali chophweka kuwauza amalume kuti nkhani ya Chiwaya sikugwirizana ndi chitsulo. Anakhala chete kanthawi kenaka anati mwina munthuyo anapitadi ku nkhondo, koma mfuti anaipeza pakhomo. Ndikuona kuti ndi momwemo, ndipo kwa ine sizichepetsa ulemu wa munthuyo. Zimangotikumbutsanso chinthu chowawa, kuti mfuti za nthawi imeneyo zambiri zinkagulidwa ndi minyanga kapena ndi anthu.

Koma gawo lomwe linandigwira mtima si la ku Birmingham ayi, ndi mtengo. Ine ndinkauona ngati mtengo basi. Agogo aja anaupala pang'ono ndi chikhadabo mkati momwe mumakhala loko, ananunkhiza, anati uwu ndi mlombwa. Enfield yochokera ku fakitale inkakhala ndi mtengo wa walnut, ndipo mfuti zina zotchipa zamalonda ankaika beech, yotuwira yokhala ndi timadontho ting'onoting'ono. Mlombwa ndi wathu, ndiye kuti mtengo woyamba unathyoka kapena unadyedwa ndi chiswe, wina anasema watsopano. Titachotsa loko, yomwe imangogwira ndi masikuluwu awiri, tinaona mmene anakumbira malo ake. Ku fakitale malo amenewa amakhala osalala, apa panali mikwasa ya kampeni ndi tchizulo, koma loko inkakhala thi, osagwedera, mpata pakati pa chitsulo ndi mtengo sungalowetse olo pepala. Munthu wopanda makina, wongokhala ndi kasemasema, mpeni ndi tupa, kufika pamenepo. Njira yake akuti ankadetsa chitsulo ndi mwaye, kuchikanikiza pamtengo, pomwe pada ndi pomwe asemepo, kubwereza mpaka chikhale. Mwaye wina ukadalimo m'makona.

Ndiye pali ichi. Nditaiika paphewa lamanja inkandivuta, thako lake ndi lalifupi komanso tsaya silinkapeza pokhala. Agogo aja anati sinthani phewa. Nditaika kumanzere, tsaya linangogwera m'kadzenje kosemedwa mbali yakumanja ya thako, diso n'kulunjika lokha pa choyang'anira. Amalume anaomba m'manja, anati amalume aja a agogo athu anali amanzere, komanso aafupi, mudzi wonse unkadziwa. Ndiye kuti mtengowu sunasemedwe mwachisawawa, anachita kumuyeza munthu ngati mmene telala amayezera malaya. Mukamayang'ana mfuti yanu musaiwale zimenezi, kutalika kwa thako, mbali yomwe kuli potsamira tsaya, pomwe mtengo unatha ndi manja, zimakuuzani za mwini wake zomwe chidindo sichinganene.

Tizitsulo tinanso tinali ta konkuno. Malamba atatu a Enfield kunalibe, m'malo mwake kunali awiri a mkuwa wosula, ndi chikopa chaching'ono chomwe anachikulunga chili chachiwisi n'kuumira pomwepo pamalo pomwe mtengo unayamba mng'alu. Chotchinga chokhethemulira chinali chachitsulo chosula pomwe cha Enfield wamba chimakhala cha mkuwa wothira m'chikombole. Kusiyanitsa kwake, chosula chimakhala ndi mabandebande a nyundo ndipo mbali ziwiri sizifanana ndendende. Sikuluwu imodzi inali ya fakitale, mano ake ofanana bwino, inayo mano ake anali ochita kucheka ndi tupa. Ndipo mkati mwa loko sipulingi yaikulu sinali yake, inali yokhuthala, yosulidwa, agogo aja anati bambo awo ankazisula kuchokera ku masipulingi a galimoto zakufa. Kameneka ndi kamfundo kothandiza pa zaka, chifukwa chitsulo cha galimoto sichingakhale cha nthawi ya Jumbe. Loko ndi ya m'ma 1860, koma kukonzedwa kwake ndi kwa nthawi yomwe malole anali atayamba kufera m'misewu yathu.

Ndinawafunsa kuti nanga gogodera yopangidwa yonse konkuno imadziwika bwanji. Anati mpope wake umakhala wa paipi kapena chitsulo cha chiwongolero cha galimoto, ulibe chidindo, kukhuthala kwake ndi kumodzi kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo pomwe wa fakitale umanenepa kumbuyo komwe onga umaphulikira n'kumaonda chakutsogolo. Ukakhala wa paipi ya madzi umaoneka msoko m'litali mwake, ndipo za masiku ano zimakhala ndi zowotcherera za magetsi. Anati zotero ndi zomwe zadula anthu zala. Koma olo mpope wa chidindo ngati wathu, wazaka zoposa 150, wodyeka ndi dzimbiri mkati, suyenera kuombedwanso, ndipo onga wa m'makatiriji amakono ndiye ungauphulitse nthawi yomweyo.

Langizo langa lina, jambulani chilichonse musanasunthe kanthu, mbali zonse, muli tepi pambali kuti kukula kuzioneka, ndipo lembani zomwe akuluakulu akunena tsiku lomwelo, foni ijambule mawu ngati alola. Zithunzi za zidindo mukhoza kufananiza pa intaneti nthawi iliyonse, sizithawa. Koma anthu odziwa dzanja la wosula wa m'dera lanu atsala ochepa zedi. Ndiponso musaike zithunzi pa Facebook ndikutchula mudzi, mudzaitana akuba ndi opha nyama mozemba.

Za malamulo musazengereze. Gogodera ndi mfuti ndithu pamaso pa lamulo, kaya ndi yakale bwanji, kusunga popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo layisensi ya agogo inali ya agogo, siisanduka yanu chifukwa choti mwalowa m'nyumba. Kwathu kufupi ndi nkhalango zotetezedwa nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa lamulo la nyama zakutchire lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 lili ndi zilango zofika zaka 30. Ife tinauza amfumu tsiku lomwelo, ndipo titamaliza kujambula amalume, monga mwini mbumba, ananyamula mfuti ndi kabuku kaja kupita nazo kupolisi, ine ndinawaperekeza. Anatilandira bwino, analemba, anatipatsa kapepala kosonyeza kuti tapereka. Kapepalako kapempheni ndipo kasungeni.

Tsiku lomaliza tisanapite nayo, agogo aja anaitembenuza n'kundionetsa kunsi kwa chotchinga chokhethemulira. Panali timizere titatu tocheka mopendeka, ine ndinkayesa ndi zokalika chabe. Anati bambo awo sankadziwa kulemba, ndiye chilichonse chotuluka pachipala pawo ankachicheka katatu choncho, khasu, nkhwangwa, mkondo. Anati akukumbukira ali kamnyamata, nkhondo ya Hitler itangotha kumene, akupopa mvukuto kunabwera munthu wamfupi wamanzere ndi mpope ndi loko m'thumba, analipira mbuzi, ndipo ntchitoyo inatenga pafupifupi mwezi chifukwa mlombwa unayenera kuuma kaye bwino. Amayi anga anali chikhalire pamkeka akumvetsera, anadzuka osanena kanthu, analowa kukhitchini n'kutuluka ndi kasemasema wakale wa agogo athu yemwe timasemera mipini mpaka pano. Tinapaka choko pachitsulo chake, timizere titatu tomwe tija tinatuluka.